Mbiri ya zivomerezi ku Cape Town ndi zipinda zomwe tikugonamo

Lamulungu pa 22 Disembala 2024, nthawi itatsala pang'ono kukwana 3 koloko m'bandakucha, ambiri a ife okhala kuno ku Cape Town tinadzidzimutsidwa ndi kunjenjemera kwa mazenera ndi kulira kwa malata. Ena anayesa kuti ndi chigalimoto chodutsa mumsewu, ena anathamangira kukasuzumira pakhomo poganiza kuti kwabwera akuba. Kutacha zinadziwika kuti chinali chivomerezi champhamvu ya 5.3 pa sikelo yoyezera zivomerezi, ndipo chinayambira kutali, kumadzulo kwa tauni ya Brandvlei m'chigawo cha Northern Cape. Sichinali choyamba m'zaka zaposachedwazi. Usiku wa pa 26 Sepitembala 2020 nthaka inagwedezeka pang'ono kumpoto kwa mzinda uno, m'mawa mwake inabwerezanso, ndipo bungwe la boma loona za miyala ndi nthaka la Council for Geoscience linati mphamvu zake zinali 2.5 ndi 2.3. Mu Novembala chaka chomwecho china cha 3.5 chinachitika pansi pa nyanja kufupi ndi Saldanha Bay.

Zonsezi sizinagwetse nyumba mumzinda muno, koma zinasiya funso lomwe ife amene ntchito yathu ndi yoyendera mabanja takhala tikufunsidwa kawirikawiri: kodi kukubwera china chachikulu? Pakati pa abale athu pamamveka mayankho awiri. Ena amati ku South Africa kulibe zivomerezi zenizeni, zimenezo tinazisiya ku Karonga ndi ku Salima. Ena amati tizivomerezi ting'onoting'ono n'tabwino chifukwa timaphwetsa mphamvu ya pansi pa nthaka kuti chachikulu chisabwere. Mayankho onse awiriwa ndi otonthoza mtima, ndipo onse ndi olakwika. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 200.

M'chaka cha 1809 Cape Town inali tauni yaing'ono yopanikizika pakati pa Table Mountain ndi nyanja. Angerezi anali atangoilanda kwa Adatchi mu Januwale 1806, pa nkhondo ya ku Blaauwberg, ndipo gawo lalikulu la anthu a m'tauniyi linali la akapolo, ena mwa iwo ochokera ku Mozambique. Usiku wa pa 4 Disembala, nthawi itangodutsa 10 koloko, kunamveka mkokomo ngati wa mizinga ndipo nthaka inagwedezeka kangapo motsatizana. Anthu anathawira panja, zipupa za nyumba zambiri zinang'aluka, ndipo kwa masiku angapo ena ankagona kunja poopa kuti denga lingawagwere. Masiku amenewo kunalibe makina oyezera, koma akatswiri a masiku ano, powerenga zomwe zinalembedwa, amati mphamvu yake inaposa 6.

Zambiri zomwe tikudziwa zinachokera kwa munthu wina dzina lake von Buchenröder, yemwe patangopita masiku ochepa anayenda kumpoto kwa tauniyi kukaona zomwe zinachitika, ndipo nkhani yake inasindikizidwa mu 1830. Pa famu ya Jan Biesjes Kraal anapeza nyumba itaonongeka kwambiri ndipo nthaka itang'ambika ming'alu italiitali. Kupitirira apo, cha ku Blaauwberg, anapeza timilu ta mchenga tokhala ndi dzenje pakati, ndipo anthu a kumeneko anamuuza kuti usiku wa chivomerezicho madzi ankatumphuka pansi kudzera m'maenjewo. Chinthu chimenechi chili ndi tanthauzo lalikulu kwa ife. Mchenga wodzaza ndi madzi ukagwedezedwa mwamphamvu umasanduka ngati phala, ndipo chilichonse cholemera chomwe chakhala pamwamba pake chimatha kutitimira kapena kupendekeka.

Famu ya Jan Biesjes Kraal ija ndi pamene lero pali Milnerton. Aliyense wa ife amene amakwera minibasi kuchokera ku Dunoon kapena ku Joe Slovo Park kupita kuntchito m'tauni amadutsa m'dera lomwelo. Pamene mu 1809 panali nyumba imodzi, makola ndi tchire, lero pali masitolo, mafakitale, nyumba zosanjikizana ndi zipinda zalendi zosawerengeka, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti mumzinda wonse muli anthu oposa 4.7 miliyoni. Akatswiri a za miyala anapereka dzina la Milnerton ku mng'alu wa m'thanthwe la pansi umene akuukayikira kuti unayambitsa chivomerezicho. Sagwirizana bwinobwino za pamene mng'aluwo ukudutsa, popeza unakwiririka ndi mchenga ndipo mbali ina ili pansi pa nyanja, koma zakuti nthaka ya kumeneko inang'ambika mu 1809 palibe amazitsutsa.

Mu Juni 1811 nthaka inagwedezekanso, ndipo William Burchell, Mngerezi wofufuza za zomera yemwe anali m'tauniyi nthawiyo, analemba za mantha omwe anagwira anthu. Kenako kunakhala bata lalitali, mibadwo inadutsa, ndipo nkhaniyi inaiwalika. Umu ndi momwe zimakhalira m'madera ngati ano. Kwathu ku Malawi tili m'chigwa chachikulu chomwe nthaka ya Africa ikung'ambika pang'onopang'ono, ndipo nyanja yathu inakhala mumng'alu womwewo, choncho kugwedezeka kwa nthaka si nkhani yachilendo. Ku Gauteng ndi ku North West zivomerezi zambiri zimayamba chifukwa cha migodi yakuya ya golide, monga cha ku Orkney mu 2014 chomwe chinapha munthu mmodzi. Koma kuno ku Cape kuli ming'alu yakalekale yomwe imasonkhanitsa mphamvu mochedwa kwambiri, moti munthu akhoza kubadwa, kukalamba ndi kumwalira osamva kanthu, nkusiyira adzukulu ake chikhulupiriro chakuti dziko lino silimagwedezeka.

Chikhulupiriro chimenecho chinatha Lolemba pa 29 Sepitembala 1969, nthawi itangodutsanso 10 koloko usiku. Chivomerezi champhamvu ya 6.3 chinakantha matauni a Tulbagh, Ceres ndi Wolseley, mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town. Anthu 12 anamwalira. Miyala inagubuduzika kuchokera m'mapiri, ndipo pogundana inathetheka moto womwe unayatsa tchire, kotero kuti anthu omwe anathawira panja mumdima anaona mapiri owazungulira akuyaka. Mpaka lero chimenechi ndicho chivomerezi choononga kwambiri m'mbiri yolembedwa ya dziko la South Africa. Ndipo sichinathere pomwepo: nthaka inapitiriza kunjenjemera kwa miyezi, ndipo pa 14 Epulo 1970, anthu atayamba kale kukonza nyumba zawo, kunabwera china cha 5.7.

Pali zinthu ziwiri za ku Tulbagh zomwe tikufuna tiziganizire mofatsa. Choyamba ndi mtundu wa nyumba zomwe zinagwa. Zinali makamaka nyumba zakale za njerwa zofewa zomangidwa ndi dothi, zopanda zitsulo, za zipupa zolemera zosamangana bwino m'makona. Aliyense wochokera kumudzi akuidziwa nyumba yotere, pakuti ambiri a ife tinakuliramo. Chivomerezi sichisankha munthu, koma zipupa zimasankha: m'dera limodzi lomwelo wina amatuluka ali bwinobwino, wina amafukulidwa.

Chachiwiri ndi zomwe zinachitika pambuyo pake. Nyumba zakale za mumsewu wa Church Street zinakonzedwanso mwaluso motsogozedwa ndi katswiri wa mapulani a nyumba Gawie Fagan, zinabwezeredwa maonekedwe ake akale, ndipo lero alendo amapita kukazijambula. M'tauniyi mulinso nyumba yosungiramo mbiri ya chivomerezicho. Ntchito imeneyi inali yabwino ndipo sitikuinyoza. Koma tisaiwale kuti 1969 inali nthawi ya tsankho la apartheid, pamene malamulo ankagawa anthu potengera khungu pa nkhani ya malo okhala ndi pa chisamaliro cha boma. Msewu umodzi wokongola ndi umene unatchuka padziko lonse, osati tinyumba ta antchito a m'mafamu a mphesa ndi zipatso. Ife amene tikukhala kuseri kwa nyumba za eni tiyenera kudzifunsa kuti, zitachitika lero, tingapezeke mbali iti ya nkhaniyo.

Tsopano tibwerere ku tizivomerezi ting'onoting'ono tija. Sikelo yoyezera zivomerezi siyenda ngati sikelo ya kumsika. Nambala ikakwera ndi 1, mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32. Ikakwera ndi 2, imachuluka ka 1,000. Kuchokera pa 2.3 ya mu Sepitembala 2020 kufika pa 6.3 ya ku Tulbagh pali masitepe anayi, kutanthauza kuti cha ku Tulbagh chinali ndi mphamvu yochuluka ka 1,000,000. Kuti mphamvu yotere iphwe ndi tizivomerezi ta 2.3, pangafunike kamodzi tsiku lililonse kwa zaka zoposa 2,700. Choncho maganizo akuti ting'onoting'ono timatiteteza alibe maziko. Komanso n'kulakwa kunena kuti ting'onoting'ono tikachitika ndiye kuti chachikulu chili pakhomo. Tambiri timadutsa popanda chotsatira chilichonse, ndipo palibe katswiri padziko lapansi amene angatchule tsiku, mwezi kapena chaka. Uthenga uliwonse wa pa WhatsApp wotchula tsiku ndi ola ndi wabodza, ndipo tikupempha kuti tisamautumize kwa ena, chifukwa taona ana akukana kugona m'nyumba kaamba ka mauthenga otere.

Abale athu ochokera kumpoto kwa Malawi amadziwa kuti nthawi zina zivomerezi zimabweradi motsatizana, chachikulu n'kudzafika pambuyo. Ku Karonga nthaka inayamba kugwedezeka pa 6 Disembala 2009, inapitiriza kwa masabata awiri, ndipo champhamvu koposa, cha 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20 Disembala. Anthu anayi anamwalira ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Ku Salima pa 10 Malichi 1989 anamwalira anthu 9 ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Taonani kuti manambala a mphamvu ndi ofanana ndi a ku Milnerton ndi ku Tulbagh, onse ali cha m'ma 6. Chomwe tikuchiopa kuno si chinthu chachilendo kwa ife, tinachionapo kwathu. Kusiyana kwake ndi kwakuti kuno chingapeze anthu mamiliyoni atathithikana pamchenga. Zomwe tizivomerezi ta mu 2020 tikutiuza ndi zochepa koma zokwanira: ming'alu ya pansi pa chigawo chino sinafe.

Akuluakulu a dziko lino anazidziwa zimenezi kalekale. Pamene ankayamba kumanga malo opangira magetsi a nyukiliya a Koeberg mu 1976, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa mzindawu, chivomerezi cha ku Tulbagh chinali chikadali m'maganizo mwa anthu. Anakumba mchenga mpaka kufika pathanthwe, anaubwezera atausakaniza ndi simenti, ndipo mbali yofunika kwambiri ya nyumbayo anaikhazika pa nsanamira zokhala ndi mphira pamwamba kuti nthaka ikagwedezeka iyo isatengeke nayo kwambiri. Kampani ya Eskom imati malowa anakonzedwa kuti apirire chivomerezi champhamvu ya 7. Makina oyamba anayamba kupereka magetsi mu 1984, ndipo mu Julaye 2024 analoledwa kugwira ntchito mpaka mu 2044. Pali mabungwe omwe amatsutsa chilolezo chimenechi, ndipo nthaka ikangogwedezeka nyuzipepala zimathamangira kufunsa za Koeberg. Funsolo ndi loyenera. Koma ife timaona kuti nyumba yomwe imafunsidwa kwambiri ndi yomwenso inamangidwa moganizira chivomerezi kuposa ina iliyonse m'chigawo chino, pamene za zipinda zomwe tikugonamo ife safunsa munthu.

Tiyeni tinene zoona za zipindazo. M'zaka zapitazi eni malo ambiri ku Dunoon, ku Joe Slovo Park ndi m'madera ena agwetsa kapena kuzungulira tinyumba tawo ta boma ndi kumanga zipinda zalendi zosanjikiza, kawiri ngakhale katatu, pa kamalo komwe kanayezedwera banja limodzi. Zina zinamangidwa bwino. Zambiri zomwe timalowamo poyendera mabanja ndi za mabuloko a simenti osanjikizidwa popanda zitsulo zokwanira, pamwamba pake atathirapo konkire yolemera, masitepe ali amodzi opapatiza, ndipo khomo lili ndi chitseko chachitsulo chokhomedwa ndi loko kuopa akuba. Dziko lino lili ndi malamulo a kamangidwe omwe amaika Cape Town m'gulu la madera oyenera kuganizira zivomerezi, koma lamulo limagwira ntchito pa nyumba yomwe pulani yake inadutsa ku ofesi. Sitikuweruza a landilodi, pakuti lendi imeneyo ndiyo imawadyetsa, ndipo popanda zipinda zawo ambiri a ife tikanagona kuti? Komabe munthu wofuna chipinda ali ndi ufulu woyang'ana ming'alu ya m'makona, kufunsa ngati chipinda chapamwamba chinaonjezedwa pambuyo, ndi kudziwa pamene kiyi wa geti amakhala usiku.

Chodabwitsa ndi chakuti chisakasa cha malata, chomwe timachita nacho manyazi tikamatumiza zithunzi kumudzi, sichipsinja munthu ngati khoma la mabuloko. Mdani wake ndi moto. Mbaula ya parafini kapena kandulo ikagubuduzika usiku, chotsatira tikuchidziwa: ku Imizamo Yethu mu Malichi 2017 anthu zikwizikwi anatsala padzuwa, ndipo ku Masiphumelele mu Disembala 2020 nyumba zoposa 1,000 zinapsa pa moto umodzi. Umenewo unali moto wa malo amodzi, ozimitsa moto a mzinda wonse atathamangira kumeneko. Chivomerezi chingayatse moto m'madera ambiri nthawi imodzi, mapaipi a madzi ataduka.

Ngozi za moto zomwezi zatiphunzitsa chinthu china chomwe sichilembedwa m'mabuku a za miyala. Tsoka likagwa, thandizo limayendera kaundula, ndipo kaundula amayendera dzina, nambala ya chiphaso ndi nambala ya nyumba. Mwini malo amalembedwa. Anyamata asanu omwe amagona m'chipinda chakuseri, omwe ena ziphaso zawo zinatha ntchito ndipo amaopa aliyense wonyamula cholembera, kawirikawiri salembedwa, ndipo ena amathawa dala. Taonapo mayi atataya zonse pamoto, pasipoti ndi makadi a kuchipatala a ana, akulephera kutsimikiza kuti iye ankakhaladi pamalopo.

Zomwe zinachitika ku George zinaonetsa zimenezi poyera. Pa 6 Meyi 2024 nyumba yosanjikizana yomwe inali kumangidwa m'tauniyo inagwa, popanda chivomerezi chilichonse, ndipo anthu 34 anamwalira. Ambiri mwa amisiri ndi aganyu omwe anali pamalopo anali ochokera kunja, kuphatikizapo Amalawi. Ntchito yofukula inatenga masiku oposa khumi. Ngakhale chiwerengero cha anthu omwe anali pantchito tsiku limenelo chinasinthasintha, kuzindikira matupi kunavuta, ndipo akuluakulu a tauniyo anachita kulengeza kuti akufuna alangizi otha kulankhula Chichewa, Chishona ndi Chipwitikizi kuti athandize mabanja. Imeneyo inali nyumba imodzi, ndipo akatswiri opulumutsa anthu anachokera m'madera osiyanasiyana kudzathandiza pamalo amodziwo. Tikamaganiza za chivomerezi cha 6 pansi pa Milnerton, tiziganiza za nyumba zambiri zotere usiku umodzi, ndi makolo ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay akuimba foni yomwe sikuyankhidwa.

Nthaka sitingaiuze zochita, ndipo ambiri a ife sitingasamuke chifukwa cha chinthu chomwe mwina sichibwera m'moyo wathu. Koma pali zina zomwe zili m'manja mwathu ndipo sizilira ndalama. Bedi, makamaka la ana, lisakhale pansi pa shelefu yolemera kapena wadiropu yosamangirira kukhoma. Nthaka ikayamba kugwedezeka, wokhala m'nyumba ya njerwa agwade pansi, abise mutu pansi pa tebulo lolimba ndi kugwiritsitsa mpaka kugwedezekako kutatha, m'malo mothamangira pa masitepe mumdima; akatuluka ataye mtunda ndi zipupa ndi mawaya a magetsi. Moto uzimitsidwe, gasi atsekedwe. Nyumba yomwe yang'aluka isalowedwenso msanga, pokumbukira Karonga ndi tsiku lija la 14 Epulo 1970. Zithunzi za pasipoti, ziphaso ndi makadi a ana zitumizidwe kwa m'bale wodalirika wokhala dera lina. Ndipo mipingo yathu, mizikiti ndi magulu a maliro, omwe kale amadziwa kusonkhetsa ndalama zotumizira thupi kumudzi, asunge mayina enieni a anthu awo, mudzi, mfumu ndi nambala ya wachibale, osati dzina la pantchito lokha. Ku George mabanja anafunika kutchula mayina a pa chiphaso, ndipo tonse tikudziwa anzathu omwe takhala nawo zaka zambiri koma timangowadziwa ndi dzina lakuti Achimwene.

Nkhaniyi ikukhudzanso ndalama zomwe timatumiza kwathu. Ambiri a ife tikumanga nyumba kumudzi kudzera pafoni, ndipo tikamafunsa za ntchitoyo timafunsa za malata, matailosi ndi penti, zinthu zooneka pa chithunzi. Chivomerezi cha ku Karonga chitachitika, boma la Malawi mothandizana ndi mabungwe linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo mfundo zake ndi zomwe mmisiri aliyense wabwino amazidziwa: maziko okwanira, njerwa zomangana m'makona, mazenera osayandikira kwambiri kukona, ndi lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mazenera. Omanga ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Salima adziwe kuti m'munsi mwa mapiri a kumeneko mukudutsa mng'alu wa Bilila-Mtakataka, wotalika makilomita pafupifupi 100, womwe akatswiri James Jackson ndi Tom Blenkinsop anaufotokoza mu 1997 kuti ukhoza kubweretsa chivomerezi choposa kwambiri cha mu 1989. Lamba wa konkire uja amadya matumba angapo a simenti ndi zitsulo zochepa, ndipo pulasitala akangopakidwa saonekanso, choncho chithunzi chake tiyenera kuchipempha ntchito ikadali pa mazenera.